Jezi Yomwe Mable Anachapa

Mable ankagulitsa kaunjika pamsika wa Nsaru. Lachisanu lina atamasula belo, anapezamo jezi yotuwa ya mabatani kutsogolo, kumsana itasokedwa nambala 27. Inali yakuda kwambiri. Pachifuwa panali dothi lofiira, m'khosi thukuta louma, ndipo m'khwapa munali mong'ambika.

Masana kunafika mlamu wake Jonasi, mng'ono wa mwamuna wake. Jonasi ankakhala ku Lilongwe, ndipo ankazungulira m'misika kusaka majezi akale omwe ankagulitsa kunja kudzera pafoni. Anaitembenuza jeziyo, nayang'ana ulusi wa nambala padzuwa, nawerenga kansalu kolembedwa ndi bolopeni kamene kanali m'munsi. Kenako anaijambula kangapo.

"Kodi mwaonapo chiyani, alamu?" anafunsa Mable.

"Chisanza basi. Mundisungire, ndizidzapukutira njinga yanga yamoto. Ndibwera Lachiwiri."

Mable anaona kuti n'zochititsa manyazi kupatsa mbale chinthu chonunkha chotero. Atafika kunyumba anaiviika m'madzi a sopo, naikwecha mpaka dothi lonse linachoka. Anasoka m'khwapa muja, nadula kansalu kaja chifukwa kankakanda, naisita bwinobwino.

Lachiwiri Jonasi atafika pabenchi, Mable anamupatsa jeziyo itapindidwa m'jumbo. Jonasi anaifunyulula, nkhope yake n'kusintha.

"Mwaitani?"

"Ndachapa."

"Anakutumani ndani? Dothi lija lili kuti? Kansalu kaja?"

"Ndataya. Vuto n'chiyani?"

Jonasi anamenya benchi ndi chikhatho, mulu wa masiketi n'kugwera pansi. Anayamba kulankhula mokweza mpaka ogulitsa anzake a Mable anasiya zomwe ankachita. Anati jeziyo inali ya mpira wa ku Amereka womenya ndi chibonga, ndipo inavalidwa m'bwalo ndi wosewera wina zaka makumi anayi zapitazo. Munthu wina wosunga majezi akale kumeneko, yemwe Jonasi anamutumizira zithunzi zija, anali atafananitsa dothi la pachifuwa lija ndi chithunzi chakale cha wosewerayo, zonse n'kugwirizana, ndipo anali wokonzeka kuigula ndi ndalama zambiri. Kansalu kaja n'komwe kanali ndi dzina lake ndi chaka.

"Umboni wonse mwautaya ndi madzi ochapira," anatero Jonasi. "Anthu akumudzi inu mulibe nzeru. Chilichonse mumangoganiza za sopo."

Mable anatola masiketi aja imodziimodzi, nawakutumula fumbi asanayankhe.

"Ndiye munkadziwa, eti? Lachisanu lija munkadziwa."

"Zimenezo si nkhani."

"Nkhani yake ndi yomweyo. Munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti chisanza. Mukanandiuza zoona, bwenzi ndisanaikhudze n'komwe. Munafuna mudye nokha, ine ndizikuthokozani pondichotsera zinyalala."

"Mukanadziwa chiyani inu za majezi?"

"Palibe. Koma wakuba ndimamudziwa."

Anthu ena anaseka. Jonasi anafuna kuika jeziyo m'chikwama chake, koma Mable anaigwira mkono umodzi. Anakokanakokana mpaka batani linaduka.

"Siyani katundu wanga," anatero Mable. "Belo ndinagula ndine."

Mayi wina wogulitsa nsapato anaima pakati pawo, nauza Jonasi kuti achoke anthu asanamuchitire zina. Jonasi analiza njinga yake, nalavula pansi, n'kumapita.

Madzulo Mable anafotokozera mwamuna wake, Nasoni, zonse. Nasoni anaimbira foni mng'ono wakeyo. Jonasi anati mkazi wosamva ngati ameneyo ngofunika kumubweza kwawo. Nasoni anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pake, nadula foni.

Jeziyo Mable sanaigulitse. Nasoni ndiye ankaivala posoka fodya m'chigafa, mpaka inathimbirira ndi utomoni.

Patatha miyezi itatu anakumana onse pamaliro a azakhali a Nasoni ndi Jonasi ku Kabudula. Jonasi anapereka moni kwa aliyense pamphasa ya azimayi, koma atafika pa Mable anadumpha. Mable sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kuimba nyimbo ndi amayi anzake a mvano.