Mtima Wanga Unachita Manyazi ku Bucaramanga

Mtima wangawu ndi wamwano. Ndikangowerama kuti nditole dzira, umayamba kuthamanga ngati wakuba, m'maso mdima, ine khu! pansi. Ndatopa nako kudzutsidwa ndi anthu. Adokotala a mumzinda wa Bucaramanga anati adzalowetsa kawaya mumtsempha wa pantchafu, kakwere mpaka mumtima, awotche kamalo koyambitsa chipwirikiticho. Koma kuti akapeze, mtima uyenera kuthamanga iwo akuona. Choncho anati ndisiyiretu mapiritsi anga a mtima tsikulo likamayandikira.

Ndinadikira kuitanidwa mpaka khofi anapsa n'kuthyoledwa. Mapiritsi ndinasiya. Ine ndi Yurani, mwana wa mchimwene wanga, tinakwera basi, mapiri okhaokha, msana kuchita kulira.

Kuchipatala anandigoneka, n'kundimeta komwe ngakhale malemu mwamuna wanga Nicanor sanayerekezeko. Waya analowa. Mtima phee.

"Mayi Herminia, lero mtimawu wagona bwanji?" anafunsa adokotala.

"Ndi wamanyazi, bambo. Ukaona mnyamata wooneka bwino umasanduka wa kwaya."

Anaseka. Anauputa ndi magetsi, anathira mankhwala pamkono. Ine ndinaganizira alamu anga onse, mmodzimmodzi, kuti mwina ukwiye. Mtima kumangoyenda ngati bulu wokhuta. Pomaliza anasolola waya uja. Sangawotche mongolota, anatero, ndidzabwerenso akadzandiitana.

Ndili chigonere chagada, mwendo osaupinda, Yurani analowa maso ali psuu.

"Azakhali, mapiritsi aja ndimakusinjirani mu chokoleti chomwe mumamwa m'mawa."

"Iwe!"

"Ndimaopa kuti mufera m'basi. Ndikanakunyamulani bwanji ndekha?"

Ndinafuna kumukalipira, koma mphamvu ndinalibe.

"Ndiye n'chifukwa chake chimawawa. Ine kumati sudziwa kuphika, mpake sukukwatiwa."

Anaseka, misozi ikutsika.

M'mawa mwake chokoleti ndinachikana, tinakweranso basi. Tili pakati pa mapiri ndinawerama kuti ndimange nsapato. Pompo mtima wayamba, gu-gu-gu-gu, mpaka m'khosi, mpaka m'makutu.

Ndinatenga dzanja la Yurani n'kuliika pachifuwa panga.

"Tamumva m'bale wakoyu. Wadzuka tsopano, alendo atapita."

Mtsikanayo anapisa m'chikwama n'kutulutsa piritsi, lathunthu ulendo uno. Ndinalimeza louma, mutu nditatsamiritsa pawindo, ndikuyang'ana msewu wonsewo umene tidzaukwerenso.