Galimoto Yozima pa Masamba

Galimoto ya bambo anga, aYesaya, inali nkhalamba ngati eni ake, koma Phiri la Zomba inkakwera osatsokomola. Matenda ake anayambira limodzi ndi chifuwa cha bambo. Ndikamatsika nawo ku chipatala kuchokera kwathu, kufupi ndi damu la Mulunguzi, ndikangochotsa phazi pa moto injini inkanjenjemera, kenako zii.

Tsono tsoka lake, bambo ali momwemo inayamba kuzima pa masamba. Paja pakagwa maliro anthu amayala masamba pamsewu, ndipo dalaivala aliyense woleredwa bwino amachepetsa liwiro. Ndinachepetsa, galimoto n'kuzima pakhomo penipeni pa siwa. Ulendo wina ku Masongola kunalinso masamba, inazimanso. Anatikankha ndi anyamata a pamaliropo, bambo ali khuma kumbuyo, chipewa chili m'manja.

Titafika kunyumba anati basi, kuchipatala sapitanso. Akuti galimoto yawo sinawanamizepo, awa ndi malodza, ikuwalozera kumene akupita. Mkulu wa mpingo wathunthu kumamvera chitsulo, abale! Ndinakalipa, ndinalira, ndinawauza kuti imazimanso pa mphambano ndi pa anyamata ogulitsa zipatso. Ndinati tipemphe galimoto ya aneba, iwo anati kusintha galimoto sikusintha uthenga.

"Vera mwana wanga," anatero, "ikadzadutsa pa masamba osazima, ndidzakwera."

Ndinapita nayo kwa aSelemani, makaniko wa kuseri kwa msika. Anasintha mapulagi, koma pobwerera inazima. Anatsuka kabuleta, anaika sefa ya petulo yatsopano. Pagalaja inkalira mwaulemu ngati mkamwini, ndikangofika pa mphambano yayambanso mwano. Uku tsiku lokaonana ndi adokotala linadutsa, bambo akungotha thupi, phala akungolilawa. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha angawo ankathera pa aSelemani. Ndinawafunsa ngati umakanikowo anauphunzira kapena anachita kutola.

Iwo anangoliza injini. Anatenga chidutswa cha paipi yothirira dimba, mbali ina n'kuika kukhutu, inayo n'kumayendetsa pa injini ikulira. Anayendetsa, anayendetsa, mpaka anaima kuseri kwa kabuleta. Anandipatsa kuti ndimve ndekha, ndipo ndinamva kamluzu, tsiii. Kunali kapaipi ka labala kong'aluka kunsi, kumene diso silifika. Atatsekapo ndi chala, injini inasiya kunjenjemera pomwepo. Anati pamng'alupo pankalowa mpweya wakuba. Galimoto ikamathamanga petulo amakhala wambiri ndipo sizidziwika, koma ukachepetsa moto mpweya umaposa petulo, injini n'kufa. Anadula pong'alukapo ndi mpeni, n'kubwezera kapaipiko.

"Achemwali, malodza anu ndi amenewa," anatero akundipatsa kachidutswako. "Kawaonetseni madala."

Ndinakamanga pa nsonga ya chitenje. Pokwera phiri ndinkaima dala pakona iliyonse, injini osazima. Ndinkakonza mawu owaseka nawo bambo, ndipo mumtima ndinati mawa m'mawa tili ku chipatala, afune asafune. Ndinafika polakalaka masamba oyeserapo, Mulungu andikhululukire.

Masambawo ndinawapeza pamene pamapatukira kanjira ka kwathu, nthambi za paini zothyola kumene. Phazi linachoka lokha pa moto. Galimoto inayenda pang'onopang'ono, injini ikulira bwinobwino, ndipo ndinasangalala, inde ndinasangalala, mpaka ndinamenya chiwongolero n'kunena kuti bambo mwaonatu. Kenako ndinaona amayi a Mvano atakhala pa khonde pathu, ndi azibambo akutulutsa mipando m'nyumba. Palibe amene anandiimbira foni, poti munthu woyendetsa galimoto sauzidwa zovuta ali panjira.

Ndinaima pabwalo, dzanja lili pa mfundo ya chitenje. Ndinadikira kuti izime yokha monga mwa masiku onse, koma inangolirabe, mpaka mayi wina wa Mvano anabwera pa windo n'kundinong'oneza kuti ndizimitse, anthu ayambe nyimbo.