Mapointi Awiri a Amalume Vendelín

Amalume anga a Vendelín anali atatchinga pagolo la timu ya hokeyi ya pa madzi oundana ya kwathu ku Brusnov kwa zaka 29, ndipo ankafuna kukwanitsa 30. Vuto linali lakuti chaka chimenecho timu inkasewera bwino mopyola muyeso.

Loweruka masana, mawa lake kuli masewero otsiriza a ligi ya m'boma lathu, anandiitanira kubala ya kuseri kwa tchalitchi. Anandigulira mowa ndisanapemphe, ndiye ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

"Blanka, unatha zaka zisanu ku Brno ukuphunzira masamu. Lero tione ngati zinali ndi phindu."

Nkhani yake inali iyi. A Šindelář, omwe ndi kochi wathu, wapampando wathu komanso mwini basi imene timakwera, anali atapangana kale ndi timu ya m'tauni. Tikangokwera kupita mu ligi ya chigawo, atibwereka goloboyi wa zaka 19, wamtali ngati chitseko, wogwa ndi mawondo ndi kudzuka nthawi yomweyo. Amalume anali ndi zaka 51. Kugwa ankagwa bwinobwino, koma kudzuka ankayamba akuganizira.

"Ingolowetsani zigoli zisanu, nkhani yatha," ndinatero.

"Mudzi wonse ukuona? Ndizikagula kuti buledi?" Anamwako pang'ono. "Komanso a Kalenec sakufuna kupambana. Wandiuza Lojza."

A Lojza Kubát anali goloboyi wa Kalenec, timu imene tinkakumana nayo mawa lake, ndipo anali mnzawo wa amalume kuyambira kuusilikali. Theka la osewera a Kalenec limagwira ntchito kufakitale ya magalasi. Ligi ya chigawo imasewera Loweruka, kutali, ndipo imafuna kuti anthu azikonzekera kawiri pa sabata asanamwe kanthu. Palibe ankazifuna zimenezo.

Ndinatembenuza kakatoni koikapo tambula n'kulemba. Timu ya Tuchlice inali itamaliza masewero ake ndi mapointi 42. Ife tinali ndi 40, a Kalenec 40. Wopambana m'mphindi 60 amatenga atatu, ndiye akhala ndi 43, wakwera. Koma zikathera kufanana, wopambana pa nthawi yoonjezera kapena pa mapenate amatenga awiri okha, wogonja imodzi. Awiri akufikitsa pa 42, ndipo a Tuchlice anali atatigonjetsa tonse, ife ndi a Kalenec, choncho akhala pamwamba ndi iwowo.

"Musapambane, musagonje," ndinatero. "Mphindi 60 zithe muli ofanana. Zikatero akwere ndi a Tuchlice, ndipo zotsatirazo sewerani mmene mungafunire."

Amalume anayang'ana kakatoniko nthawi yaitali, kenaka anakapisa m'thumba la malaya.

"Mayi ako ankati sukuluyo n'kutaya nthawi. Ndikawauza."

Lamlungu nthawi ya 3 koloko masana bwalo linali litadzaza. Kunkanunkhira soseji yowotcha ndi vinyo wotentha, ndipo wina anali atabweretsa ng'oma ya ozimitsa moto. Ine ndinali pamalo panga pa nthawi zonse, m'kachipinda ka osunga nthawi, chala chili pabatani la wotchi.

Pepala limavomera chilichonse, koma pa madzi oundana zinthu zimaterera. Anyamata athu sankadziwa kanthu, ankasewera ndi mtima wonse, ndipo chigawo choyamba chisanathe anali atamwetsa a Lojza ziwiri. Tsopano a Kalenec anafunika kubweza ziwiri, ndipo amalume anafunika kuzilola.

Apa ndi pamene tinazindikira kuti munthu amene watchinga zaka 29 sadziwa kuphonya. Mutu unkafuna, thupi linkakana. Wosewera wa Kalenec amenya puki, kachimbale kakuda kamene timamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira, molunjika pakona, amalume atseka maso, koma dzanja likwera lokha n'kuigwira. Anthu aimba m'manja. Amenyanso pansi, mwendo utambasuka wokha. Ng'oma ilira.

Masewero ataima pang'ono, kaputeni wa Kalenec anadutsa pafupi ndi golo lathu. Bwalo lathu ndi laling'ono, mawu amamveka.

"Mdala, mwagwirizana ndi ife kapena ndi satana?"

"Pepa mwanawe, ndi dzanjali."

"Likhalireni pansi dzanjalo."

Chigoli choyamba chinalowa pamene amalume ankakonza lamba wa chipewa. Chachiwiri chinavuta kwambiri. Chinalowa m'chigawo chachitatu, puki itagunda ndodo, bondo la wotchinga kumbuyo wathu, ndi msana wa amalume, omwe pa nthawiyo anali atagona chafufumimba ndipo sakanatha kuchitapo kanthu ngakhale akanafuna. Ziwiri kwa ziwiri. Atadzuka anandiyang'ana kudzera pagalasi n'kugwedeza mutu monyadira, ngati agoletsa ndi iwo.

Chimene sindinawerengere ndi chakuti a Šindelář nawonso amadziwa kuphatikiza 40 ndi 3. Kutatsala mphindi imodzi ndi theka, anakwera pabenchi n'kuyamba kumenya thabwa ndi chibakera.

"Venda, tuluka! Tuluka!"

Ankaitana amalume. Ankafuna kuchotsa goloboyi kuti alowetse wosewera wachisanu ndi chimodzi. Timu ikamafuna mapointi atatu imatero ngakhale zigoli zili zofanana. A Kalenec anaoneka ngati anthu amene auzidwa za maliro. Kumbuyo kwawo kunali anyamata athu asanu ndi mmodzi olusa, kutsogolo kwawo golo lopanda munthu, lomwe puki ikangotsetserekeramo mwangozi ndiye kuti chaka chamawa chonse adzakhala m'basi.

Amalume ananyamuka pagolo pang'onopang'ono, ngati munthu wopita kwa dokotala wa mano. Lamulo limati wolowa m'malo adikire mpaka goloboyi atafika pafupi ndi benchi. Kryštof, mnyamata wathu wothamanga kwambiri, anali atakweza kale mwendo umodzi pathabwa. Amalume atafika pamzere wabuluu, iye anaona ngati zatheka, n'kudumphira m'bwalo.

Pomwepo amalume anaima. Anadzigwira pachifuwa ngati akufufuza makiyi, n'kutembenuka kubwerera kugolo. Anali ataiwala botolo lawo la tiyi pamwamba pa ukonde.

Wezulo inalira pamene Kryštof ankakweza ndodo. Puki inalowa ndithu m'golo la a Lojza, pakona yakumwamba, chigoli chokongola kuposa zonse za chaka chimenecho, koma woimbira anali akutambasula kale manja kukana. Goloboyi ali m'bwalo, osewera asanu ndi mmodzi ali m'bwalo. Palibe chigoli.

"Venda, ukutani?" A Šindelář mawu anali atasasa.

"Botolo, bwana kochi."

"Botolo?"

"Ndi la mkazi wanga. Mumamudziwa."

Anthu ena anaseka, ena anatukwana. Masekondi otsalawo a Kalenec anaunjikana pa puki pakona ngati nkhuku pa chimanga, ndipo ine ndinaliza belu lotsiriza ndi chimwemwe cha munthu amene samu yake yatuluka ndendende.

Nthawi yoonjezera inatha popanda chigoli. Tinafika pa mapenate, wosewera mmodzi kuthamangira goloboyi yekhayekha. Amalume tsopano anali mfulu. Zonse zimene anadziletsa masana onse anazitulutsa. Woyamba anamulanda puki ndi ndodo asanaganize n'komwe zomenya. Wachiwiri anamugwirira m'dzanja n'kumuonetsa. Wachitatu anamugonera chopingasa, miyendo m'mwamba, monga ankachitira akale, ndipo bwalo lonse linaimba dzina lawo, kuphatikizapo amene ankawatukwana mphindi khumi zapitazo.

Kumbali inayo a Lojza ankatchinga ngati munthu woimirira pa siteji ya basi. Kryštof anawadutsa kumanja, iwo anagwera kumanzere, mochedwa. Ndinaganiza kuti atopa.

Tinapambana. Ndinalemba papepala la masewero: Tuchlice 42, Brusnov 42, Kalenec 41. Ndinatsikira pa bwalo kuti makaputeni asaine, ndipo ndinapeza matimu ali pamzere wopatsana moni. Magoloboyi awiriwo anali kumapeto, zipewa zili m'manja, mitu ikufuka nthunzi.

"Wakalamba, Lojza," anatero amalume. "Ija ya Kryštof akanaigwira ndi apongozi anga."

"Ndakalamba, mnzanga. Zabwino zonse mu ligi ya chigawo."

"Akukwera ndi a Tuchlice. Funsa mwana wa mlongo wangayu, ali ndi digiri."

A Lojza anandiyang'ana mwachifundo.

"Mwanawe, unayamba wafikako ku Tuchlice? Bwalo lawo lilibe denga. Ligi ya chigawo silola bwalo lopanda denga. Kalata yokana kukwera analemba Lachinayi, mlamu wanga ndiye anakaiponya. Woyamba akakana, amatenga wachiwiri." Anasisita amalume paphewa. "Watchinga bwino kwambiri, Venda. Makamaka yachitatu ija."

Anatsetsereka kupita kuchipinda chovalira akuimba mluzu.

Madzi ankadontha kuchokera ku ndevu za amalume.

"Blanka."

"Malume."

"Wachiwiri naye angakane?"

"Angakane. Koma wosaina kalatayo ndi wapampando."

Tonse tinatembenukira kubenchi. A Šindelář anali ndi foni kukhutu, ndipo nkhope yawo, imene inali yakuda ndi mkwiyo, inkasintha pang'onopang'ono pamene ankamvetsera. Kenaka anayang'ana kumene tinali, anakweza chibakera m'mwamba, n'kuwatumizira amalume mpsompsono ndi dzanja.

"Mu ligi ya chigawo amafuna magoloboyi awiri papepala," ndinatero, pofuna kunenako kanthu.

"Wachiwiriyo amatani?"

"Mukudziwa, malume. Amakhala pabenchi, amatsegulira anzake kachitseko akamasinthana."

Anayang'ana kachitseko ka benchi yathu, kamene chotsekera chake chinathyoka ine ndili ku pulayimale.

"Kamafuna kukakweza pang'ono ndi bondo," anatero. "Mwana wa m'tauni sangadziwe zimenezo."