Ndime 14 ya ku Tilimbe

"Usakhudze loko ameneyo, iwe Otilia!" anakuwa a Lorenso, akuthamanga pamzere wa pakati pa minda, nsapato zili m'manja.

Otilia sanatembenuke. Anali atagwada pa chitseko chachitsulo cholowetsa madzi m'munda nambala 38, mwala uli m'dzanja. Kumbuyo kwake mpunga umene anaoka masabata atatu apitawo unali utayamba kufiira nsonga, nthaka itang'aluka ngati zidendene za m'chilimwe. Madzi ankangodutsa m'ngalande yaikulu, kupita kwa ena.

Anita Alufandika anali atangotsika pa kabaza. Anathamanga n'kumugwira mnzakeyo pamkono.

"Taya mwalawo, mnzanga. Ukaphwanya loko, mlandu usanduka wako."

Anita anali loya ku Blantyre, m'bungwe la maloya achizimayi lothandiza amayi amene alibe wowayankhulira. Koma mchombo wake unali konkuno kwa Kasisi. Iye ndi Otilia ankakhala desiki imodzi mpaka sitandade 7, pamene Otilia anasiya sukulu kuti azithandiza makolo. Miyendo ya bambo ake itayamba kutupa, munda wa mu sikimu ya mthirira ya Tilimbe unatsala m'manja mwa Otilia. Anaulima zaka zisanu ndi zinayi. Bambowo anamwalira mu Ogasiti, ndipo maluwa a pamanda asanaume n'komwe, mng'ono wawo, a Lorenso, anagula loko.

"Lamulo si langa, mwana iwe," anatero a Lorenso kwa Anita, akupumira m'mwamba. "Ndime 14. Membala akafa, munda ndi wa mwana wamwamuna. Akasowa, ndi wa mbale wake wamwamuna. Ngati ikukuwawa, kafunse amene anailemba. Si bambo ako omwe?"

"Ndikawafunsa, bambo. Koma poyamba landirani ichi," anatero Anita.

Chinali chiletso cha khoti, cholamula kuti madzi azilowa m'mundamo kufikira mlandu utamvedwa. A Lorenso anachiwerenga kawiri, chala chikutsata mizere. Kenaka anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi mokhala ngati akuzula dzino lawo lomwe.

"Pepala silikolola mpunga," anang'ung'udza. "Loweruka kuli msonkhano wa pachaka. Tikaonana kumeneko."

Madzi analowa, nthaka n'kuyamba kulira ngati mafuta a m'chiwaya. Otilia anakhala pansi, mapazi ali m'matope.

Anita anadziwa kuti chiletsocho chinali mthunzi wa kanthawi chabe. Mlandu ukanatha kugona m'khoti zaka ziwiri, ndipo ukanapulumutsa munda umodzi wokha. Chimene ankafuna iye chinali ndimeyo.

Bambo ake, a Sebastiano, amene anali wapampando wa sikimuyo chiyambire, anawapeza pansi pa mtengo wa masawu akukonza pampu yopopera thonje. Anagwada n'kuwapatsa moni. Iwo anayankha maso ali pa pampu.

"Ndamva kuti kwabwera a loya. Ndimayesa kubwera mwana wanga."

"Abwera onse awiri, baba."

"Ine ndinkakupalasa pa njinga kukusiya ku sekondale ku boma, dzuwa likuswa mtengo. Sindinkadziwa kuti ndikunola nkhwangwa yodzadula mpando wanga."

"Mpando wanu sindikuufuna. Ndime 14 ikutsutsana ndi malamulo a dziko. Mwana ndi mwana, wamkazi kapena wamwamuna. Khoti lidzaigwetsa ndithu. Ine ndikufuna muigwetse nokha, asanabwere alendo kudzakugwetserani."

A Sebastiano anaika sipanala pansi. "Nkhabe, ayi ndithu! Ukuyesa tinailemba titaledzera? Tinakumba ngalande ija ndi manja awa. Mwana wamkazi amalowoledwa, amapita kwa eni ake. Ukampatsa munda, mawa wolamula pamenepo ndi mkamwini wochokera kaya ku Mutarara, kaya ku Thyolo. Akatopa, agulitsa. Zaka khumi, sikimu yonse ili m'manja mwa anthu osadziwa ndi manda athu omwe. Malamulo ako a ku Blantyre akuti chiyani pamenepo?"

Anita anali atakonzekera kukangana ndi mwano, osati ndi mantha. Ndipo mantha a bambo akewo sanali opanda mutu. Anatenga kope lake n'kukakhala pakhonde. Anaimbira foni Thandizo, loya mnzake wa ku ofesi, ndipo anakokanakokana pa mawu mpaka batire inatha. Pepala la ndime yatsopano limene anabwera nalo analing'amba, n'kulemba lina.

Lachinayi ndi Lachisanu anayenda m'minda pamodzi ndi mayi Evelesi, mayi wamasiye wa pakamwa posachedwa. Mayiwa anali mmodzi mwa amayi khumi ndi asanu ndi anayi okha olembedwa m'kaundula wa mamembala, ndipo onsewo ankangosungira minda ana awo aamuna aang'ono.

"Ife ndife alonda, mwanawe," anatero mayi Evelesi. "Mwana akamera ndevu, mlonda ntchito yatha."

Loweruka shedi yosungiramo mpunga inadzaza nthawi isanakwane. Mamembala 126 anakhala pamabenchi ndi pamatumba, akudzikupiza ndi zipewa. Kunja kunali khamu lina losaitanidwa: akazi awo ndi ana awo aakazi, ena ali ndi makanda kumsana, atatsekereza mawindo onse.

Nkhani ya mapampu ndi ya fetereza itatha, mayi Evelesi anaimirira n'kupempha kuti ndime 14 isinthidwe, ndi kuti loya aloledwe kufotokoza.

"Si membala ameneyo!" anakuwa a Lorenso. "Kapena malamulo amagona akafika pa mwana wa apampando?"

A Sebastiano anavala magalasi n'kutsegula buku. "Ndime 9 ikulola membala kuitana mlangizi. Mphindi khumi, a loya. Ikakwana, ndiliza belu ngati kwa wina aliyense."

Anita anaimirira. Anali ataimapo pamaso pa majaji, koma majajiwo sanamuonepo ali mwana, akuthamanga wopanda malaya.

"Makolo anga, ndime 14 mukuidziwa nonse. Koma inalembedwa m'Chingerezi, ndipo ilibe maina. Ndiloleni ndiiwerenge m'chinenero chathu, ndiikemo maina." Anayang'ana pa benchi yachitatu. "Bambo Antonio, pepani, ndiyambira inu. Muli ndi ana angati?"

"Asanu," anayankha a Antonio, munthu wamtali wa munda nambala 62.

"Aamuna?"

"Mulungu sanandipatse."

"Ndiye ndime 14 ikuti: a Antonio akadzatisiya, mayi a kunyumba ndi ana asanu aja adzatuluke m'munda nambala 62, alowemo a Chance, mng'ono wawo."

Shedi yonse inaphulika ndi phwete. Panalibe wosadziwa kuti a Antonio ndi a Chance anasiya kupatsana moni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo chifukwa cha mbuzi imene inadya nyemba.

"Chance?" anadzambatuka a Antonio. "Uyu? Munthu woti ngakhale khasu amaligwira ngati njoka?"

"Musafulumire kufa, achimwene, sindinagule mbewu!" anayankha a Chance ali kumbuyo, anthu n'kugwa nako kuseka.

Anita anadikira kuti phokoso litsike. Anatchula dzina lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Wina mwana wake wamwamuna anapita ku Joni ndipo sanamvekenso. Wina mwana wake anali chidakwa chimene chinagulitsa kale malata a nyumba. Pa dzina lachisanu kuseka kunali kutatha. Amuna ena ankayang'ana pansi, ena ankaba maso kuyang'ana kumawindo.

"Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero mayi Evelesi, osaimirira n'komwe.

"Nanga akamwini?" anafunsa a Lorenso. "Mukufuna minda yathu idyedwe ndi obwera?"

"Funso limenelo ndi loona," anatero Anita, "ndipo amene anandiphunzitsa kuliopa ali muno. N'chifukwa chake ndime yatsopano ili ndi miyendo itatu. Woyamba: membala adzalemba yekha dzina la womulowa m'malo, mkazi wake kapena mwana wake, wamkazi kapena wamwamuna. Akapanda kulemba, munda ndi wa mkazi wake ndi ana, ndipo woulima ndi amene wakhala akuulima. Wachiwiri: munda ndi wa wolembedwayo, si wa amene wamukwatira. Wachitatu: palibe kugulitsa munda kwa munthu wa kunja kwa sikimu, kaya wogulitsayo wavala buluku kaya chitenje. Pajatu minda itatu imene inagulitsidwa chaka chatha sanagulitse ndi ana aakazi."

Kunja kunamveka nthungululu imodzi, yaifupi, ngati yothawa m'kamwa. A Sebastiano anayang'ana wotchi, dzanja lili pa belu. Mphindi khumi zinali zitapitirira kale. Belulo sanalize.

"Kusintha lamulo kumafuna magawo awiri mwa atatu," anatero. "Ndiye kuti manja 84. Ovomera, kwezani."

Amayi khumi ndi asanu ndi anayi aja anakweza nthawi imodzi. A Antonio anakweza manja onse awiri, mpaka anawauza kuti atsitse limodzi. Kenaka manja anayamba kumera apa ndi apo, ena mofulumira, ena mozengereza ngati chimanga cha pa nthaka youma. Bambo wina anakweza atamva mkazi wake akutsokomola pawindo. A Chance nawo anakweza, akuti sakufuna kudzalimbana ndi mizimu ya achimwene awo.

A Sebastiano anawerenga okha, benchi ndi benchi, akuloza ndi cholembera. Atafika kumapeto anabwerezanso. Anavula magalasi.

"Manja 91. Ndime 14 yasintha."

Zimene zinachitika kunja sizinafune wapampando. Nthungululu zinang'amba shedi, amayi anavula mipango n'kumaikupiza m'mwamba, ena anayamba kuvina fumbi lili kobo. Otilia analowa pakhomo limene sanalowepo chibadwire, anthu akumupatukira. Msonkhano unagamula pomwepo kuti nkhani ya munda nambala 38 iweruzidwe ndi ndime yatsopano, ndipo mlembi analemba dzina lake m'kaundula: Otilia Zuze. Iye anapempha kuti alione ndi maso. Analiyang'ana nthawi yaitali.

A Lorenso anatuluka osatsanzika. A Sebastiano anasaina pepala lija, n'kulipereka kwa mwana wawo ndi manja awiri, monga amaperekera kwa alendo a ku boma.

"Mwendo wachiwiri uja ndi wanga," ananong'ona.

"Ndi wanu, baba."

"Ukakafika ku Blantyre ukanene choncho. Asamayese kuti kuno nzeru timachita kuitanitsa."

Lolemba m'mawa Anita anaima pa siteji ya pa Dyeratu, chikwama chili paphewa, thumba la mpunga wa Otilia lili pamapazi. Minibasi ya ku Blantyre inali itatsala anthu awiri kuti idzaze. Foni inalira, nambala yachilendo.

"Ndinu a loya aja a ku Tilimbe?" Anali mawu a mayi, Chichewa chake chopendekera ku Chisena. "Ine ndine Jesinta, ndili ku Bangula. Nkhani yanu yafika ndi ogulitsa nsomba. Kuno ku sikimu kwathu ndime yake ndi 11, koma mano ake ndi omwewo. Msonkhano wathu ndi Lachitatu."

"Lachitatu lomwe lino?"

"Lomweli. Tilipo amayi makumi atatu, tasonkhana kale pansi pa mtengo. Tingoyembekeza?"

Anita anayang'ana mapiri a ku Thabwa, kumene msewu umakwera kupita ku ofesi yake ndi mafaelo omudikira. Analembera Thandizo uthenga wa mizere iwiri. Kondakitala anamenya denga la minibasi.

"Asisi, mukukwera kapena mukuwerenga mapiri?"

"Pitani," anatero Anita.

Anasenza thumba lake n'kuwoloka msewu, kupita kumene mnyamata wina ankakuwa kuti, "Nchalo, Ngabu, Bangula!"