Benchi Lachiwiri

Dokotala wa maso ankabwera kuchipatala cha mgodi kamodzi pa miyezi itatu, kuchokera ku Harare. Lachinayi limenelo Estele ndi amuna ake, a Bauleni, anapeza mzere utafika kale pakhonde.

Matenda a shuga anali atawononga timitsempha ta kumbuyo kwa maso a a Bauleni. Mu Januwale anawatumiza ku Harare, kumene anawotcha timitsemphato ndi kuwala kwa makina. Tsopano linali tsiku loona ngati zinathandiza. Anthu anali ambiri, choncho dokotala ankasuzumira m'kati mwa diso la okhawo olephera kuwerenga zilembo za pakhoma. Owerenga bwino ankawauza kuti adzabwerenso chaka chamawa.

A Bauleni ankagwira ntchito m'chipinda cha nyali, kupatsa aliyense wolowa pansi nyali ya nambala yake. Akanalephera kuwerenga, kalata ikanapita kuofesi. Ndipo nyumba yawo ya kukomboni inali ya mgodi.

Estele ankadziwa chinthu chimodzi. Mwezi ndi mwezi amuna ake akabwera kudzatenga mapiritsi a shuga, ankaima pafupi ndi zilembozo. M'mawa pomanga zingwe za nsapato ankanong'ona, ndipo iye poyamba ankayesa pemphero. Anali ataloweza zonse ngati nyimbo.

"Mwauma bwanji nkhope, mai a Nelly?" anafunsa a Bauleni. "Akuyeza ine, osati inu."

"Ndikupemphera."

"Pempherani kuti mzerewu uyende. Miyendo yatopa."

Sisita Shuvai, namwino wa pachipatalacho, anawalowetsa, namukokera Estele mpando popanda kupemphedwa. Kenako anaphimba diso lamanzere la a Bauleni ndi kapepala.

A Bauleni anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chimodzi. Pena ankaima dala ngati akuvutika. Diso linalo linayendanso chimodzimodzi.

"Maita, baba, zikomo. Zagwira bwino kwambiri," anatero dokotala, akutsegula cholembera. "Tidzaonana chaka chamawa."

Estele anayang'ana cholemberacho. Chaka chathunthu. Ambuye, mundigwire pakamwa kapena munditsegule, anatero mumtima.

"Adokotala, pepani. Ndinene za mabenchi."

"Mabenchi ati, amai?"

"A kutchalitchi kwathu. Kutsogolo kuli bolodi la manambala a nyimbo. Titangobwerako ku Harare tinkakhala benchi lachisanu ndi chiwiri, ndipo bambowa ankaona. Pa Pasaka tinasendera lachisanu, ati kumbuyo kuli mphepo. Kenako lachinayi, ati ana akusokosa."

"Mai a Nelly!" A Bauleni anatembenuka ndi mpando womwe. "Mwadya chiyani lero?"

Estele sanaleke.

"Lamulungu lapitali tinali lachiwiri. Anatsegula nyimbo yolakwika. A Cephas, amene anakhala pambali pawo, anatchula nambala ngati akudziuza okha, kuti asawachititse manyazi."

Panja munthu wina ankatsokomola.

Dokotala anaika cholembera pansi. "Benchi lachiwiri ndi bolodi, patalika bwanji?"

"Ngati pano ndi pachitseko."

Dokotala anatsegula kabati, natulutsa chikwangwani china, cha manambala. Sisita Shuvai anachipachika pamwamba pa chakale.

A Bauleni anatchula nambala yaikulu ya pamwamba. Mzere wachiwiri anaupeza movutika. Pa wachitatu anasuzumira, anapendeka mutu, milomo ikugwedezeka popanda mawu.

"Pakati pali chifunga," anatero potsiriza, motsitsa mawu.

Anawathira mankhwala m'maso, nawadikiritsa pakhonde theka la ola. Atalowanso, dokotala anazimitsa getsi, nasuzumira nthawi yaitali ndi kanyali kake.

"Timitsempha tina tayambanso kudontha magazi, makamaka kumanja. Lolemba mukhale muli ku Harare. Panopa tingathe kupulumutsa zomwe zatsala. Chaka chamawa sitikanapeza choti tipulumutse."

"Nanga kalata ya kuofesi?" anafunsa a Bauleni.

"Ndilemba zimene ndaona, baba: kuti mukadali pa chithandizo, ndipo tidzakuyezaninso pakatha miyezi itatu. Zimene akachite iwo, sindingakulonjezeni."

Panja dzuwa linali litakula. Mankhwala aja anachititsa kuti kuwala kuwabaye a Bauleni m'maso, mwakuti anaima pamasitepe atatsinzina. Sisita Shuvai anawathamangira ndi chipewa chimene anaiwala pampando, nawatsitsira mlomo wake kumaso.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikupereka nyali," anatero a Bauleni, osayang'ana mkazi wawo. "Akatitulutsa m'nyumba muja?"

"Tikafuna chipinda cha lendi ku Chiwaridzo."

"Mukuyankha ngati n'kugula tomato."

"Ndikuopa inenso, bambo a Nelly. Koma chipinda chimapezeka. Diso tikalipeza kuti?"

Galimoto ya miyala inadutsa, fumbi n'kuwakuta. Kenako a Bauleni anatambasula dzanja, kufufuza, mpaka anagwira chigongono cha Estele.

"Masitepe ndi angati?"

"Atatu."

Anatsika limodzi, limodzi.

"Ndikabwerako ku Harare," anatero atafika pansi, "tikayambirenso benchi lachisanu ndi chiwiri lija. Mabenchi muziwawerenga ndinu. Ndikanamizira mphepo, musandimvere."