Malilime a Telala

Dalaivala anafika Lachisanu masana. Thiraki anaisiya kudepoti. Chikwama paphewa, nkhani zodzaza m'kamwa. Kale akafika chonchi pakhonde pankadzaza. Ana, alamu, aneba, onse kufuna kumva za m'malire ndi za apolisi a m'mayiko a eni.

Ulendo uno mkazi wake anangolandira chikwama.

"Mwamva za mng'ono wanu?"

"Wadwala?"

"Akulankhula malilime."

Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Mng'ono wakeyo anali telala, wachibwibwi chibadwire. Kasitomala akafunsa mtengo wa zipi, ankayamba wapeza pokhala.

"Iyeyo? Moni weniweniyu amapereka zidutswazidutswa."

"Musaseke, bambo a mwana. Akayamba, mawu amangotuluka ngati watsegula mpopi. Lamulungu azimayi analira. Inenso ndinalira."

"Iwenso."

Pa chakudya nkhani inali yomweyo. Iye anayambitsa ya mlatho umene unakokoloka iye atangowoloka. Asanafike pokoma, mwana wake wamkazi anamudula. Ankafuna kuonetsa mmene bambo aang'ono amakwezera manja. Onse anatembenukira kwa mwanayo. Nkhani ya mlatho inafera pomwepo.

Loweruka abusa anamuitanitsa. Mpingo unali utagawikana. Mkulu wampingo ankati mphatso zoterezi zinatha ndi atumwi, zotsalazi ndi phokoso chabe. Mtsogoleri wa amayi ankati Mzimu sanapume pantchito, ndipo sanamvepo kuti anatsanzika.

"Pa Pentekoste anthu anamva zinenero zakwawo," anatero abusa. "Inu mwayenda. Khutu lanu ladya zambiri. Mumumvetsere mng'ono wanuyo. Ngati ndi chilankhulo, apitirize. Ngati si chilankhulo, m'tchalitchi azikhala chete. Tagwirizana choncho."

Anakumana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa: iye, abusa, mkulu wampingo ndi mtsogoleri wa amayi. Mabenchi othyoka, ng'oma yobooka, makatoni a mabuku a nyimbo. Telala anabwera molunjika kuchokera kushopu. Tepi yoyezera inali ikadali m'khosi.

"A-a-achimwene. Mwa-mwa-mwa..."

"Ndayenda bwino. Yamba."

Telala anagwada pasimenti. Kenako zinayamba, pansipansi, n'kumakwera. Palibe pomwe anapunthwa. Palibe pomwe anabwereza.

Dalaivala anatchera khutu monga amachitira injini ikasintha kulira. Iye ankadziwa kupempha dizilo m'zinenero zambiri. Kutukwana. Kuchonderera pachipata. Kunenerera chipinda chogona. Mawu onsewo anawatola movutikira, anthu akumuseka pamalo omwetsera mafuta. Izi sizinali m'gulu limenelo. Koma zinali ndi mafupa. Zinkakwera, kutsika, kuima ngati zafunsa, n'kupitirira ngati zayankhidwa.

Ndiye nkhopeyo. Nsagwada ya mng'ono wake anali asanaionepo itamasuka chotere. Munthu wosatuluka m'tauni. Munthu wongopalasa makina pakhonde la golosale. Wapatsidwa atakhala pansi.

Anacheuka. Mkazi wake anali ataima pakhomo, dzanja pachifuwa, maso ali pa telala. Maso amenewo iye sanawalandirepo. Ngakhale tsiku limene anabwera ndi firiji.

Telala anamaliza. Anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Tiuzeni, bambo," anatero abusa.

Yankho loona linali pafupi: sindichidziwa. Linafika mpaka pamano.

"Si chilankhulo," anatero dalaivala.

"Mwamaliza dziko lonse kodi, bambo?" anafunsa mtsogoleri wa amayi.

"Kumene kuli msewu ndafikako."

"Nanga kumene kulibe msewu, anthu ake amalankhula ndi manja?"

"Amayi, tinagwirizana," anatero mkulu wampingo. "Mboni ndi m'bale wake weniweni. Bere limodzi. Angamunamizire?"

Abusa anasisita chipumi, n'kutembenukira kwa telala.

"Kunyumba muzipemphera mmene mungafunire. Muno ayi. Muli ndi mawu?"

Telala anatsegula pakamwa. Anayang'ana mkulu wake.

"Nd-nd-nd..."

Nsagwada inagwira. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Phazi linamenya pansi kuti mawu adumphe, koma sanadumphe. Mkulu wampingo anayang'ana wotchi. Telala anagwedeza dzanja kuti basi, n'kukhala pabenchi.

"Ndiye titseke," anatero abusa. "Bambo, mutipempherere."

Dalaivala anaimirira. Anakonza kolala. Mawu anabwera okha, ali pamzere. Anathokoza chifukwa cha nzeru za atsogoleri. Anapempherera umodzi wa mpingo. Anapempherera odwala, amasiye, apaulendo, ofooka m'chikhulupiriro. Linali pemphero lalitali, losalala, ndipo palibe amene anamudula.

Ameni anayankha abusa ndi mkulu wampingo basi.