K Wosema pa Rula

Rozina ankasoka akulankhula yekha. Phazi lili pa makina, mapini ali pakona pa mlomo, iye n'kumang'ung'udza timawu tachingerezi tomwe ngakhale aphunzitsi ena sankatidziwa. "Ewe, nkhosa yaikazi. Elk, mphalapala ya kwa azungu. Oaf, chitsiru chathupi lalikulu." Makasitomala ake a ku Kawale anazolowera. Ena ankati telala wathuyu amapemphera m'malilime.

Sukulu analekezera Fomu 2. Timawuto anatidziwira pa sikirabo, masewera oyala zilembo pa bolodi n'kupanga mawu, omwe mwamuna wake Ezekiel anamuphunzitsa atangokwatirana. Ezekiel anali kalaliki m'tauni, munthu wa tayi, ndipo pagulu ankalankhula ndi mkazi wake ngati akutuma mesenjala. Koma Lamlungu masana, akayala bolodi pakhonde, ankakhala anthu awiri ofanana. Rozina akamugonjetsa, iye ankagwira mutu n'kunena kuti, "Mkazi iwe ndiwe mfiti." Zambiri za m'banjamo Rozina ankazipirira chifukwa cha masana amenewo.

Anali ndi lamulo lawolawo: ukayala liwu unenenso tanthauzo lake, ukalephera ulichotse. Ndiye pofuna kuti asamaiwale, Rozina liwu lililonse ankalipatsa munthu. Oaf anali a Peterson, eni nyumba. Nag, munthu wolongolola, anali apongozi ake, ndipo Ezekiel ankaseka mpaka misozi ngakhale anali mayi ake omubala. Yak, ng'ombe yaubweya ya kumapiri ozizira, anali Hamisi wogulitsa makala pageti pawo, wa ndevu zofika pachifuwa.

Mwana wawo Favour akukwawa, anaponya chilembo cha K m'chimbudzi. Rozina anadula kachidutswa pa rula yake yamtengo, anakapalapala ndi lumo, n'kutentha msomali kulembapo K wina. Anatuluka wopendekera, wokhakhala mbali imodzi, koma ankagwira ntchito.

Dzinja la 2006, Ezekiel anabwera kunyumba manja ali m'thumba. Akuti anatenga sikirabo kukasewera ndi anzake ku Area 23 ndipo anaiiwala mu minibasi. "Tigula ina, usavutike," anatero. Sanagule. Malamlungu anayamba kukhala ndi misonkhano. Rozina anapitiriza kuloweza timawu take pa makina, kudikira bolodi yatsopano.

Loweruka lina anapita ku Biwi kukapereka diresi kwa Annette, mnzake wa kwaya yemwe ankaphunzitsa pa sukulu ya pulaiveti. Akumuyeza m'chiuno, mvula inayamba, yamphamvu yoti pamalata simumvana.

"Simuchoka msanga, asisi," anatero Annette. "Paja amati ndinu katswiri wa sikirabo? Lero ndikuvulani ukatswiriwo."

Anatulutsa bokosi pansi pa sofa. Akuti anagula pa kaunjika ku Chilinde. Rozina anangoseka, mtima ukudumpha ngati wa mwana. Mabolodi onse amafanana, ndipo kathumba ka zilembo kanali katsopano, kofiira.

"Koma pano tili ndi lamulo," anatero Annette akuyala bolodi. "Liwu lopanda tanthauzo silikhala."

"Lamulo limenelo munalitenga kuti?"

"Aa, ndi mmene timasewerera basi."

Rozina sanafunsenso kuti mumasewera ndi ndani. Anasewera pang'ono, Annette akudzitama ndi mawu ataliatali a m'kalasi. Kenako Rozina anapisa dzanja m'kathumba muja osayang'anamo, monga masewerawo amafunira. Pakati pa zilembo zoterera, chala chake chinakhudza chimodzi chokhakhala. Anachipapasa. Mbali yopendekera ija. Mzere womwe msomali unaterereka n'kumuwotcha chala.

Anatulutsa K wake n'kumuika pakati pa zinzake. Nkhope yake sinasinthe. Akazi osoka amadziwa kuluma mapini osadzibaya.

Nthawi yake itafika anayala Y, A, kenako kamtengo kaja.

"Kameneko kanabwera choncho," anatero Annette. "Mwini wake woyamba anali m'mphawi wanzeru."

"Zoona. Nanga inu aphunzitsi, tanthauzo lake mukulidziwa? Kapena ndikuthandizeni?"

"Mundithandize ine? Yak! Ng'ombe yaubweya. Hamisi wamakala!"

Annette anaseka yekha. Kuseka kuja kunafupika, kunatha. Iye ankaphikira magetsi, osati makala, ndipo kunyumba kwa Rozina anali asanapondeko. Mvula inkangosokosera padenga.

"Hamisi mumamudziwa?" anafunsa Rozina.

"Ndi... ndinangomva."

"Nanga oaf ndani?"

Annette anayamba kukonza zilembo zomwe zinali zokonzeka kale.

"Nanga nag?"

Apa Annette anakweza maso, anamuyang'ana kamodzi, n'kuthawitsa nkhope msanga. Rozina anamvetsa. Sanafunikire kuuzidwa. Pa bolodi iyi nag sanali apongozi, anali iye mwini.

Anatola K wake, anamumanga pansonga ya chitenje. "Diresilo m'chiuno ndasiya malo," anatero ali pakhomo. "Mwina mudzawafuna." Anatuluka mvula isanakate.

Anayenda wapansi mpaka ku Kawale, matope akumugwira masilipasi. Zoti mwamuna angakhale ndi chibwenzi sizinali zachilendo. Azimayi anzake ankazinena pampopi tsiku ndi tsiku, ena akuseka, ndipo mwina iyenso akanalira, akanaitana ankhoswe, n'kukhala. Koma munthuyu ananyamula masana awo a Lamlungu, ndi lamulo lawo, ndi Hamisi yemwe, kukayala pa tebulo la mkazi wina. Ndipo kumeneko ankamuseka iyeyo, mkazi wake.

Anapeza Ezekiel atakhala pampando, nyuzipepala ili pamiyendo, wailesi ikuulutsa mpira.

"Iwe, wanyowa chonchi ngati nkhuku bwanji? Tandiikira tiyi."

Rozina anamasula chitenje n'kuika K pa nyuzipepala paja. Ezekiel anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wamutenga kuti?"

"Mu minibasi ija. Inaima ku Biwi. Ili ndi sofa ndi makatani."

Ezekiel anatsitsa wailesi. "Mayi a Favour, khalani pansi tikambirane. Zinthu zina mukazimva kwa anthu..."

"Lero ndakhala inu? Sindinamve kwa anthu, bambo a Favour. Ndamva ndi chala changa. Ndili ndi funso limodzi lokha, mukayankha ndikhala pansi. Nag ndani masiku ano?"

Ezekiel anazolika. Anayang'ana nsapato zake.

Rozina anatenga K uja n'kulowa kuchipinda. Anatsitsa chikwama chachikulu chamizeremizere pamwamba pa wodilopu. Anaikamo zovala zake, za Favour, sizasi, tepi, ndi rula yoduka kumapeto ija. Mutu wa makina anaumasula yekha, anaukulunga m'bulangete.

"Ndiye ankhoswe ndikawauza chiyani?" anafunsa Ezekiel ali pakhomo la chipinda.

"Kawauzeni kuti andipeza ku Area 25 kwa achemwali. Ndipo auzeni aphunzitsi anu kuti K asemenso wawo."

Anakoka zipi mpaka kumapeto, anabereka Favour, n'kusuzumira pawindo.

"A Hamisi! Tabwerani ndi njinga mundinyamulire katundu kukafika pa siteji."